Ankandiitana Kudzadula Chingwe

Abale ndi alongo, mpata ndapatsidwa, ndiye ndiyankhula. Nyimbo sindiyambitsa ayi, mawu anga anapsa ndi kachasu kalekale, ndingangokuchititsani manyazi. Aphunzitsi atsopanowa atandipeza kuntchito yanga ya njerwa anati, "Che Jailosi, Lamulungu mubwere mudzauze anthu momwe Ambuye anakutulutsirani m'dzenje." Ine ndinati ndibwera, koma ndidzanenanso za anthu amene anaimirira m'mbali mwa dzenjelo manja ali kumbuyo. Anavomera. Ndiye wina akapsa mtima lero, madandaulo apite kwa aphunzitsi, ine ndinachenjezeratu.

Ambiri mumandidziwa, ngakhale ena mumayamba kusankha tomato mukandiona pamsika pa Lirangwe. Kwa alendo, dzina langa ndine Jailosi. Bambo anga anachoka kwa Apwitikizi ali wamng'ono, nadzakhala kuno ndi makolo awo. Ine ndinabadwira pompano, ndinabatizidwira m'nyumba ino, koma mpaka lero ena amati ndine wobwera. Ndinakwatira kwa Kuntaja, ndipo ndinkagwira ntchito yotchetcha udzu pabwalo la ndege ku Chileka. Imeneyo inali ntchito ya khaki, yotchula pagulu. Panali ina imene munandipatsa inuyo.

Kwathu kuno munthu akadzimangirira, wachibale samukhudza, mnansi samukhudza. Amati tsoka limalumphira pa amene wayamba kugwira, n'kupita naye kunyumba kwake kukatola ana mmodzimmodzi. Ndiye pamafunika munthu wakunja, wopanda manda a makolo pano, woti tsoka likamutenga mudzi usataye kanthu. Bambo anga ndi amene ankaitanidwa. Atamwalira, palibe anandifunsa ngati ndikufuna kapena ayi. Tsiku lina kunangofika munthu panjinga, thukuta lili kamukamu, akuti, "Achimwene, tithandizeni, zija ankachita bambo anu zija." Tsiku limenelo ndinali achimwene.

Ntchito yake ndi iyi: umatsitsa munthuyo, umagwetsa mtengowo, umazula ndi chitsa chomwe, n'kuotcha zonse. Ukatha amakupatsa nkhuku, ndi botolo la kachasu loti usambire m'manja. Amakusambitsa mankhwala kumtsinje. Kenako masiku asanu ndi awiri umadya wekha, mbale yako, chikho chako, kugona m'chisakasa, kuchipinda kwa mkazi wako osalowako. Lamulungu ukabwera kuno, omwe aja ankati achimwene amabisa manja m'matumba. Ulendo woyamba ndinasamba m'manja, wotsalayo n'kutaya. Ulendo wachiwiri ndinasamba dzanja limodzi. Wachitatu manja sanalaweko n'dontho lomwe.

Zaka za Chitaganya zino njinga ija inayamba kubwera pafupipafupi. Bambo anga moyo wawo wonse anaitanidwa kanayi. Ine m'zaka zisanu zokha ndinaitanidwa kasanu ndi kawiri. Anthu ankati ndi mizimu, ena ufiti, pagome apa ankati Satana. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kuzula chitsa kumatenga tsiku lathunthu, ndipo wozula chitsa anthu samuwerengera, amayankhula ngati palibe munthu. Ndinamva zambiri.

Mmodzi anali mkamwini, mkazi wake atamwalira anauzidwa kuti munda si wake, ana si ake, aone msewu. Wina anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi chifuwa, n'kupeza mkazi ali ndi mwamuna wina, mudzi wonse ukudziwa kupatula iye. Wina anamangidwa pankhani ya milambala ya malimidwe, ndipo atatuluka msanga anthu anati waulula anzake, moni anasiya kumupatsa. Mtsikana mmodzi anaimikidwa kutsogolo kuno chifukwa cha mimba, mwini mimbayo atakhala pabenchi akuimba besi. Satana alipo, sindikukana. Koma chimene ndinaona ine n'chakuti Satana asanafike, anthu amakhala atachokapo kale. Mwa onse aja panalibe mmodzi amene sabata yake yomaliza anadya m'mbale imodzi ndi munthu.

Amene anandithyola mtima ndi Lemani, wachisanu ndi chiwiriyo. Anali mkamwini kuno kwa Chigaru, mwamuna wa a Nachisale. Anabwera kuchokera ku Halale dzanja lamanja litaphwanyidwa ndi makina, zala zitatsala ziwiri, moti khasu linkamuvuta. Alamu ake ankamutcha mlendo wodikira mbale. Muno munamuimitsa pamgonero chifukwa wina anamuona akuwedza Lamulungu, munthu akufuna kuti naye alowetseko ndiwo pakhomo.

Njinga inandipeza kubwalo la ndege dzuwa litakwera. Ndinapempha kwa kapitawo, n'kukwera kumbuyo. Tinafika dzuwa litapendeka. Anthu anali atakhala patali monga mwa nthawi zonse. A Nachisale anali pansi, osalira, osafuula, mikono yotupa, zala za anthu zikuoneka pakhungu. Atandiona anati, "Mwabwera kudzatani tsopano, bambo inu? Anali moyo. Tinamupeza m'mawa akadali moyo. Ndinathamanga kuti ndimunyamule, alongo angawa anandigwira mikono yonse iwiri. Ndinamuitana dzina lake, ndipo anandimva."

Mwamva? Amuna oposa khumi, ena zikwanje zili m'manja chifukwa anali paulendo wakumunda. Munthu ali pamayadi khumi. Iwo anakhala upo n'kutumiza njinga ku Chileka. Kuchokera kwa Chigaru mpaka ku Chileka, kukafuna manja a Jailosi, pomwe manja makumi awiri anali pompo!

Ndinapita kwa a Mbewe, mkulu wa mpingo, ndinati, "Bambo, zoona zimenezi?" Anandiyankha kuti, "Jailosi, gwira ntchito yako. Mwambo sitinauyambe ife. Komanso a Boma amati zoterezi osagwiragwira. Munthu wasankha yekha njira yake, tchimo ndi lake." A Mbewe muli pompo apo, ngati ndawonjezera mawu amodzi imirirani mundikonze. Lemani tinamuika m'mphepete mwa manda, kuja timataya zitsamba tikamalambula, popanda nyimbo, Baibulo litatsala kunyumba. Munthu amene anangotsala pang'ono kupulumuka munamuweruza kuti anafa yekha.

Kuchokera pamenepo ndinatsetsereka msanga. Masiku asanu ndi awiri anatha, ine botolo osalisiya. Ndikatseka maso ndinkaona mikono yotupa ija. Tsiku lina kapitawo anandipeza nditagona m'udzu, pafupi ndi pothamanga ndege, ndili thapsa. Anandilanda chikwakwa ndi khaki, ndipo anachita bwino, iwowo sindiwadandaula. Mkazi wanga Esinati anapita padera. Amalume ake anati ndinalowa m'nyumba masiku asanakwane. Kulowa ndinalowadi, chisakasa chinkadontha, mvula inandikwana. Anaitana ankhoswe, n'kundiikira mphasa ndi khasu panja. Mwana wanga Ruti, wa zaka zinayi, anaima pafupi ndi nkhokwe akundiyang'ana. Nditatambasula manja kuti ndimutsanzike, agogo ake anamukokera kumbuyo, akuti ndingamupake tsoka.

Ndinabwerera kuno ku Lirangwe, pabwinja la mayi anga. Ndinamwa khasu, ndinamwa mphasa, ndinamwa jekete la bambo anga. Miyezi inayi yathunthu palibe anaodira pakhomo panga. Palibe wa mpingo, palibe wa mudzi. Ndipo chowawa n'chakuti ndinkadziwa bwino lomwe komwe ndikulowera, chifukwa njira imeneyi ndinali nditaiona kasanu ndi kawiri. Ntchito yatha, banja latha, moni watha, chotsatira ndinkachidziwa.

Ndikudziwa kuti pano pali wina amene maganizo amenewa akumuyendera, ndiye ndikuuzeni momwe amabwerera. Sabwera ndi nyanga ayi. Amabwera atavala bwino ngati munthu wanzeru. Amakuuza kuti ukuwapeputsira anthu katundu, kuti mwana wako adzakula bwino popanda dzina lako, kuti palibe adzazindikire. Lonselo ndi bodza, koma ukakhala wekha palibe wokutsutsa, ndiye bodzalo limakula tsiku ndi tsiku. Ine mpaka ndinkaseka ndekha, ndimvekere, tione kuti njinga ija aitumiza kwa ndani.

Unali mwezi wa Okutobala, masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndinalowa m'tchire lija la kufupi ndi mtsinje. Momwe ndinachitira sindikuuzani, sindinabwere kudzaphunzitsa zimenezo. Ndingonena kuti sindinavutike n'kubisala kwenikweni. Ndinkadziwa kuti ngakhale andione, palibe adzayandikire. Ndani ankaudziwa mwambowu kuposa ine?

Chimene ndikukumbukira n'chakuti ndinali chagada pansi, kumwamba kuli mbee, madzi akulowa m'mphuno. Wina ankandimenya makofi kumasaya. Mutu wanga unali pamiyendo ya munthu, ndipo munthuyo ankanditukwana.

"Pumani! Pumani, chitsiru inu! Ndati pumani!"

Anali a Nachisale. Anabwera kunkhuni ndi amayi ena awiri. Awiriwo atandiona anataya mitolo n'kuthawa akufuula. Iwo anali ndi nkhwangwa m'manja, ndipo tsiku limenelo panalibe wowagwira mikono.

Mawu atayamba kutuluka, chinthu choyamba chimene ndinanena, ndikuchita nacho manyazi mpaka lero. Ndinati, "Mayi, mwandikhudza. Tsoka likugwirani."

Iwo anati, "Tsoka lake liti loposa limene ndili nalo kale? Khalani chete, mezani madziwa."

Anthu anayamba kufika. Anaima mozungulira, patali, mtunda womwe uja ndinkaupeza nthawi zonse. Koma ine nthawi zonse ndinkafika choimirira, kuchokera kumbuyo kwawo. Tsiku limenelo ndinauona mzere umenewo ndili pansi. Umangoona mapazi. Mapazi ambirimbiri a fumbi, ena oti umawadziwa, a anthu amene unasewera nawo, unaimba nawo, onse atazika pamalo amodzi. Ndinadziwa chimene Lemani anaona pomaliza.

Mlongo wawo wamkulu anafuula kuti, "Achemwali, chokanipo apo! Mukufuna kutitha tonse?"

A Nachisale sanadzuke. Anangokokera nkhwangwa pafupi, nati, "Bwerani mudzandigwirenso mikono. Bwerani, ndili pano."

Palibe anasuntha. Anapempha kuti mwamuna mmodzi awathandize kundinyamula kuti ndipite pamthunzi, amuna onse anayang'ana kumbali. Ndiye anandigwira m'khwapa okha, mayi wamasiye, n'kundikhwekhwereza mpaka pansi pa mtengo wina. Anakhala pansi akupuma wefuwefu. Sanandilalikire. Sanandifunse chifukwa chake. Anangoti, "Mwadya liti?"

Sindinakumbukire. Anamasula pamfundo ya nsalu yawo, natulutsa chinangwa chootcha, kamba wawo wakunkhuni. Anachinyema pakati, naluma chawo, chinacho n'kundiika m'dzanja. Kukhosi kunkapweteka, sindikanatha kumeza, koma anati ndingochigwira. Anthu onse aja akuonerera, iwo akutafuna pang'onopang'ono, phewa lawo litatsamira langa. Apo m'pamene ndinalira. Koma ndisakunamizeni kuti ndinathokoza. Ndinakwiya. Ndinati, "Mayi, mwandibwezeranji? Ndibwerera kukatani?" Iwo anati, "Kwiyani ndithu, bola mukupuma. Zokatanizo tikaona mawa." Anakhala nane mpaka dzuwa litafiira, n'kundiperekeza mpaka pabwinja paja, natuma mwana wa mchemwali wawo, mwamuna wamkulu wandevu, kuti akagone pakhonde panga, afune asafune.

M'mawa mwake kunabwera apolisi awiri panjinga. Wina anali atakanena. Miyendo imene inalephera mayadi khumi inakwanitsa mamailosi kukaitana unyolo. Kaya mumadziwa kuti m'malamulo a Boma kufuna kudzipha ndi mlandu. Ukakwanitsa, akuika m'mphepete mwa manda. Ukalephera, akuika m'ndende. Anandiimika pamaso pa woweruza wachizungu, chilonda chili pakhosi. Ndinapempha womasulira kuti andifunsire kwa bwanayo kuti amuna amene anaonerera Lemani akufa, iwo mlandu wawo udzakhala liti. Womasulira anandiyang'ana nati, "Iwe, yankha zomwe wafunsidwa." Kwa mzunguyo ananena mawu awiri okha, kaya anati chiyani. Anandipatsa miyezi itatu.

Tsopano apa mumvetsetse, chifukwa miyezi itatu ija ndinali ndi nthawi yoganiza. Woweruza anati moyo wanga si wanga ndekha, Boma lili nawo gawo. Pagome pano mumati moyo si wako, ndi wa Mulungu. Kumudzi amati ndi wa mbumba, ndi wa ana. Zonsezo ndikuvomera, ndipo lero ndikuvomera ndi mtima wonse. Chimene ndinafuna kuchita chinali choipa, chikanamusiyira Ruti chilonda chosapola, ndipo sindidzachikometsera munthu aliyense. Koma ngati moyo wanga uli ndi eni ake ambiri chonchi, eni akewo munali kuti miyezi inayi ija? Mbuzi ya anthu atatu ikasowa m'khola, atatu onsewo amatuluka kukaifuna. Ine Boma linandikumbukira pa msonkho ndi pa unyolo basi. Simungandiuze kuti ndilibe ufulu wotaya moyo wanga, inu n'kukhala ndi ufulu wousiya uwole pabwinja. Ngati mlandu ulipo, tiugawane.

Kundende kulibe kachasu. Ndinanjenjemera masiku asanu ndi anayi, kusanza, kuona nyerere pakhoma poti palibe nyerere. Kenako mutu unayamba kuyera pang'onopang'ono. Sabata yachitatu anandiitana kuti kwabwera mlendo. Ndinaganiza kuti alakwitsa dzina. Ndinapeza ndi a Nachisale, atayenda pansi mpaka pamsewu, n'kukwera lole ya chimanga mpaka ku Blantyre. Anaima kuseri kwa waya, osamwetulira n'komwe, nati, "Ndabwera ndi mawu amodzi. Mukatuluka, m'mawa uliwonse muzidutsa pakhomo panga, muzinena kuti ndadzuka. Mukapanda kubwera ndidzabwera ine, ndipo ndidzafuula mpaka mudzi wonse umve. Msana wanga sindinauthyolere pachabe."

Kubwerera kwanga kunayambira pamenepo, ndipo sikunali kwa tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ndinkaima kunja kwa mpanda wawo n'kunena kuti ndadzuka. Masiku ena ndinkati ndadzuka koma sizili bwino. Akamva choncho sankandifunsa zambiri, ankanditulutsira lichero la chimanga kuti ndikhale pabwalo ndizitong'ola, iwo akusinja, mpaka pakamwa panga patseguke pokha. Ndinaphunzira kunena ndi pakamwa kuti lero maganizo aja abweranso. Poyamba mawu amenewo amalemera ngati thumba la mchenga, koma ukawanena kwa munthu, maganizowo amachepa mphamvu. Chingwe chilichonse chimene chinali pakhomo panga, ndi cha pachitsime chomwe, ndinakasiya kwa mwana wa mchemwali wawo uja. Tsiku loipa limadutsa, koma lisakupeze uli ndi chida pafupi.

Njira ya kumsika ndinasintha. Yachidule imadutsa pomwe amatcheza kachasu, ndipo fungo lokha limandiitana dzina, ndiye ndimazungulira kunjanji ngakhale kuli kutali. Ntchito ndinasankha ya njerwa dala. Kutchetcha udzu umatchetcha wekha, ukapanda kubwera udzu sudandaula. Koma kunjerwa tilipo atatu, woponda dothi, woumba, ndi wothamanga ndi chikombole. Mmodzi akajomba, awiriwo ntchito yaima, ndiye amabwera kudzakudzutsa ndi mwano. Simungamvetse kukoma kwake kotukwanidwa m'mawa chifukwa anthu akukufuna. Masana timadya m'mbale imodzi.

Kugwa ndinagwanso, kawiri. Ulendo wachiwiri ndinagona m'ngalande ya pamsewu masana anthu akuona. Koma m'mawa mwake ndinakaima pampanda paja n'kunena kuti ndadzuka, ndipo dzulo ndinamwa. Sanandithamangitse. Esinati anakwatiwa ndi mwamuna wina, ndipo sindimuimba mlandu, anatopa. Ruti ndimamuona kamodzi pamwezi kwa Kuntaja. Ndimamunyamula paphewa agogo ake akuona, ndipo mwanayo akungonenepa.

Njinga ija inabweranso kamodzi chaka chathachi. Ndinapita, chifukwa munthu sangasiyidwe choncho. Koma botolo ndinakana, mankhwala ndinakana, masiku asanu ndi awiri ndinakana. Nditamaliza ndinasamba ndi sopo, n'kupita kukagwira dzanja la mayi wofedwayo. Mayi ameneyo anagwira dzanja langa osafuna kulisiya, chifukwa kuyambira m'mawa panalibe amene anamukhudza. Palibe anafa, palibe anadwala. Tsoka limene mumaliopa lija ine sindinalione likulumpha. Limene ndaliona ndi la kumusiya munthu yekha.

Ndiye iwe amene wakhala chete kumbuyoko, kaya ndiwe mwamuna kaya mkazi, amene wayamba kale kugawa zinthu zako, amene ukuona ngati anthu apuma ukachoka, usadikire kuti wina azindikire. Anthu ake ndi awa, sachedwa kuyang'ana kumbali. Gwira munthu mmodzi lero lomwe, umuuze ndi mawu omveka kuti ndikuganiza zodzipha. Akathawa, gwira wina. Pita ngakhale kuchipatala ukawauze adokotala, amenewo anamvapo zotere. Ine pomwe ndinagona pansi paja ndinalumbira kuti palibe chabwino chatsala, koma ndinkanama osadziwa.

Ndipo inu enanu, mukaona munthu wasiya kubwera pamaliro, wasiya kubwera kumunda, pakhomo pake sipakufuka utsi, musakhale upo womukambirana. Pitani mukaodire. Mufunseni mosazungulira. Kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi, ali nawo kale, akungosowa womuuza. Mukamupeza ali pangozi, thamangani mumugwire ndi manja anu omwewo. Masiku ano tonse tikufuula kuti Chitaganya chithe, ndipo chithedi, nanenso ndimafuula nawo. Koma lamulo loima patali munthu akufa silinachokere ku Halale. Limeneli ndi lathulathu, ndipo palibe adzatichotsere.

Chatsala chimodzi, ndipo n'chimene ndavomerera kubwera. Mukudziwa chimene a Nachisale analandira chifukwa chopulumutsa munthu? Alongo awo anawadyetsa okha masiku asanu ndi awiri, ndipo mpaka lero salowa pakhomo pawo. Zimenezo ndi zakumudzi. Koma muno, m'nyumba ya Mulungu, akulu a mpingo munakhala pansi n'kupeza milandu iwiri. Woyamba, anaopseza alongo awo ndi nkhwangwa. Wachiwiri, mayi wamasiye anaika mutu wa mwamuna pamiyendo pake anthu akuona, ndipo amalandira mwamuna pakhomo m'mawa uliwonse, zomwe akuti n'zokhumudwitsa mpingo. Asa! Ine ndinali kufa, inu munaona chigololo. Munawachotsa m'gulu la amayi, munawaimitsa pamgonero, mpaka adzaime kutsogolo kuno avomere kulakwa. Iwo anati sadzavomera, chifukwa akadzapezanso wina adzachitanso chimodzimodzi.

Zaka ziwiri zakwana tsopano. Ine chidakwa, ine wakundende, munandibwezera pabenchi mwezi wathawu chifukwa ndinaimirira n'kunena kuti ndalapa. Ine ndinali nazo zolapa, zambiri. Iwo alape chiyani? Lamulungu lililonse amabwera, amayala chitenje pansi kunja kwa zenera ilo, n'kumaimba nyimbo zanu kudzera pakhoma. Ndi lero lomwe ali pomwepo, amene ali pafupi asuzumire aone.

Aphunzitsi, pepani, nyimbo yotsekera muimba nokha. Ine ndikutuluka, ndikukakhala pansi pomwe akhala mayi ajawo. Amene ali ndi chinthu cholemera pamtima atipeze kumeneko, sitichoka msanga. Ndipo a Mbewe, tsiku limene mudzafune kuti ndidzakhalenso pabenchi ili, mudzatuluke panja mudzatitenge tonse awiri.